Singano za ku China ndi zitsamba zake: ndibayitse kapena ndileke?

MayiWaOda
Abale anga, ndithandizeni maganizo. Ndili ku Guangzhou sabata yachiwiri tsopano, ndikuoda katundu, ndipo msana wandigwira moti kuwerama kuti ndimange nsapato ndi nkhondo. Vutoli ndakhala nalo zaka zitatu, koma ulendo uno kukhala m'ndege ndi kuyendayenda m'misika kwalikulitsa. Mtsikana amene amandimasulira ananditengera kwa dokotala wa mankhwala achikhalidwe chawo. Si m'kachisakasa ayi, ndi chipatala chosanja, cha anamwino ndi mizere ngati kwathu. Bamboyo sanatenge magazi, sanandijambule. Anaika dzanja langa pa kapilo kakang'ono n'kugwira mtsempha wa pamkono ndi zala zitatu, atatsinzina, kenako dzanja linalo. Anati nditulutse lilime. Anafunsa ngati ndimatuluka thukuta usiku, ngati mapazi amazizira, ngati ndimakonda madzi otentha kapena ozizira, mpaka za kuchimbudzi. Pomaliza akuti impso zanga n'zofooka, ndipo mphepo ndi chinyezi zalowa mumsana. Wandilembera kubayidwa singano maulendo 6 ndi mapaketi 7 a mizu, makungwa ndi timitengo touma toti ndiziwiritsa. Mapaketiwo ali pano patebulo, fungo lake ngati nkhuni zovumbwa. Sindinamwe chifukwa ndili pa mapiritsi a BP. Kodi impso zanga zikufadi? Alipo pano anabayitsapo singanozi?

Kalulu77
Tayani zimenezo mayi. Ndi mphini zomwezi, kusiyana kwake ndi nyumba yosanjayo basi.

WakuChangsha
Mayi, choyamba mtima ukhale m'malo. Ine ndikuphunzira udokotala wa masiku ano konkuno ku China, chaka chachinayi, ndipo amatiphunzitsako pang'ono za zhongyi, dzina lawo la mankhwala achikhalidwe. Dokotala wa zhongyi akati impso, sakunena ziwalo ziwiri zija zosefa mkodzo. Akunena mtolo wa ntchito za m'thupi zimene makolo awo anazimanga pamodzi pansi pa dzinalo: mafupa, msana wa m'munsi, maondo, makutu, mphamvu zobereka, ukalamba. Munthu wa msana wokhalitsa ndi mapazi ozizira kawirikawiri amauzidwa mawu omwewo. Za impso zenizeni, angakuuzeni ndi magazi ndi mkodzo ku labu, osati zala zitatu.

Maganizo awo amayenda chonchi. M'thupi muli qi, amatchula kuti chi, mphamvu ya moyo imene imayenda m'njira 12 zikuluzikulu ngati madzi m'ngalande za kudimba. Ngalande ikatsekeka, pamenepo pamapweteka. Palinso yin ndi yang, kuzizira ndi kutentha, kunyowa ndi kuuma, kupuma ndi kugwira ntchito, ndipo wodwala ndi amene mbali imodzi yaposa inzake. N'chifukwa chake anakufunsani za thukuta ndi za madzi akumwa. Kupima kwawo kuli panayi: kuyang'ana, kumvetsera ndi kununkhiza, kufunsa, kugwira. Singano amabaya pa malo odziwika otsatira njira zija, ndipo malo ovomerezeka alipo 361. Maganizowa ndi akalekale. Buku lawo lalikulu, Huangdi Neijing, lili ndi zaka zoposa 2,000, ndipo mu 1027 dokotala wa kunyumba ya mfumu, Wang Weiyi, anapangitsa munthu wa mkuwa wokhala ndi timabowo pa malo obaya kuti ophunzira aziyeserapo.

Koma ndinene chilungamo. Ife tikamatumbula thupi m'kalasi timapeza mitsempha, minofu ndi mafupa. Njira za qi palibe anazionapo, kaya ndi maso kaya ndi makina.

MayiWaOda
Zikomo mwana wanga, usiku wa dzulo sindinagone ndi mawu oti impsowo.

NamwinoLeeds
Achemwali, za singano tikambirana, koma mapaketiwo musawiritse kaye. Bwererani mukapemphe pepala la mayina a zonse zili m'menemo, womasulirayo akulembereni m'zilembo zathuzi. Pali ziwiri zimene munthu wa BP ayenera kuzisamala. Gancao ndi muzu wotsekemera umene amauika m'misakanizo yambiri kuti ulinganize zinazo, koma ukamwedwa masiku ambiri umasunga madzi ndi mchere m'thupi, BP n'kukwera, potaziyamu n'kutsika. Ma huang ali ndi ephedrine, amathamangitsa mtima, ndipo ku America analetsa kumugulitsa ngati chowonjezera chakudya mu 2004 anthu atafa.

Ndikuuzeni chimene chimandiopsa ine. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ku Brussels, ku Belgium, amayi oposa 100 amene amamwa mankhwala ochepetsa thupi pa kiliniki ina anawonongeka impso. Ambiri anafika pa makina a dialysis kapena kuikidwa impso ina, ena anadwala khansa ya njira ya mkodzo. Chinachitika n'chakuti muzu wotchedwa han fang ji unasinthana ndi wina wa dzina lofanana nalo, guang fang ji, umene uli ndi poizoni wa aristolochic acid. Palibe anafuna kupha munthu, mayina okha anasokonezeka. Ndiye chitsamba sichikhala chabwino chabe chifukwa chinamera m'nthaka.

Ndifunsenso: miyendo ikuchita dzanzi? Mkodzo ukutuluka bwinobwino? Mukutentha thupi usiku kapena kuonda? Ngati chimodzi mwa izi chilipo, za singano zidikire, pitani akakujambuleni lero lomwe. TB ya mumsana imayamba ngati msana wamba.

MayiWaOda
Dzanzi palibe, kuonda ayi, kutentha thupi ayi. Kungouma m'chiuno makamaka m'mawa ndi ndikakhalitsa. Pepalalo ndikapempha mawa.

DalaivalaJoni
Ine ndinabayitsapo mayi, konkuno ku Johannesburg. Ndimayendetsa thiraki, ndiye msana ndi matenda athu. Bulufeni ndinamwa mpaka m'mimba munayamba kuotcha. Musaganize za jekeseni, singano zake n'zopyapyala ngati tsitsi, ndipo mulibe mankhwala. Anandigoneka chafufumimba, n'kutsegula paketi iliyonse ine ndikuona. Polowa umangomva ngati udzudzu, koma akaipotoza pang'ono pamabwera kulemera kwina kozama, ngati wina wakutsindika ndi chala chachikulu mkati mwa nyama. Zina anabaya m'chiuno, zina kuseri kwa maondo, ina pafupi ndi kakolo. Ndinafunsa kuti kakolo walakwa chiyani poti wodwala ndi msana, iye anati njira yake ndi imodzi. Anazisiya mphindi 20, ine mpaka ndinagona tulo. Ulendo woyamba sindinaone kusintha. Pofika wachinayi ndimatha kutsika m'thiraki osagwira chitseko. Sindikuti ndinachira, ukabwerera ndimapitanso. Kunoko musanagone pabedi la munthu muyambe mwaona ngati analembetsa ku Allied Health Professions Council, ndi bungwe limene limawayang'anira.

Kalulu77
A Dalaivala, mwagona mphindi 20 m'chipinda chachete, munthu akukusamalirani, mwalipira ndalama zambiri. Mutu wanu wokha ukuuzani kuti mwapeza bwino.

DalaivalaJoni
Ndiye bwanji bulufeni amene ndimagulanso ndi ndalama sanandiuze choncho?

MphunzitsiWopuma
Ana inu, nonse awiri muli ndi mbali, ndipo funso lanulo anthu analiyesa kale. Ku Germany anachita kafukufuku wamkulu amene zotsatira zake zinatuluka mu 2007. Anatenga anthu 1,162 a msana wokhalitsa n'kuwagawa patatu. Gulu loyamba analibaya motsata malamulo achi China. Lachiwiri analibaya mwachiphamaso, pamwambamwamba pa khungu, pa malo amene si a njira za qi, eni ake osadziwa. Lachitatu linalandira chithandizo cha nthawi zonse: mapiritsi, mafizo, masewera olimbitsa thupi. Patatha miyezi 6, opeza bwino anali 47.6 peresenti pa gulu loyamba, 44.2 pa lachiwiri, ndi 27.4 pa lachitatu.

Taonani manambalawo mofatsa. Obayidwa, kaya moona kaya mwachiphamaso, anaposa a mapiritsi kutali. Apa a Dalaivala akunena zoona. Koma kubaya pa malo enieni ndi kubaya pena paliponse kunangosiyana pang'ono kwambiri. Apa a Kalulu akunena zoona, ndipo nkhani ya njira 12 ija yagwedezeka. Ine mmene ndimaonera, singano zimathandiza anthu ena pa ululu, koma chifukwa chake sichimene mabuku akale aja ananena. Khungu likabayidwa thupi limatulutsa mankhwala ake oziziritsa ululu, ndipo chiyembekezo ndi kusamalidwa zimawonjezerapo. Ngakhale maiko sagwirizana. Ku Germany inshulansi za boma zimalipirira singano pa msana ndi maondo okhalitsa. Ku America, Medicare, inshulansi ya boma ya okalamba, inayamba kulipirira pa msana mu 2020.

NamwinoLeeds
Bambo mwalongosola bwino. Kuno ku Britain bungwe la NICE, lomwe limalangiza zipatala zathu, mu 2016 linati singano zisaperekedwe pa msana wa m'munsi, koma mu 2021 linati zingayesedwe pa ululu wokhalitsa umene gwero lake silikuoneka. Pa mutu waching'alang'ala wobwerabwera amazilolanso. Zimene sindidzavomera ndi munthu wonena kuti singano zichiza shuga, khansa kapena HIV. Ameneyo ndi wakuba.

Kalulu77
Mukuona ngati ndikungotsutsa. Amalume anga anagula makapisozi pa depoti ya basi, botolo lolembedwa Chitchaina mbali zonse, wogulitsa akuti amatsuka magazi ndi kuchotsa shuga. Anasiya mankhwala a kuchipatala miyezi itatu. Tinakawatenga atakomoka, phazi litayamba kuola, ndipo analidula. Ine ndinawasambitsa ndekha m'chipatala. Ndiye ndikamva za mizu ya ku China mtima umandiwawa.

WakuChangsha
Pepani kwambiri achimwene. Zimenezo n'zopweteka. Koma wa pa depotiyo ngakhale kuno akanamangidwa. Dokotala wa zhongyi amaphunzira zaka 5 ku yunivesite ndipo amalemba mayeso a boma, ndipo m'zipatala zawo zazikulu muli labu ndi makina ojambulira. Vuto la mabotolo oyendayendawo n'loti ena amawathira mankhwala achizungu mobisa kuti munthu aone ngati agwira msanga. Ku London mu 1999 madokotala anapima mafuta 11 a zitsamba za ku China opaka pakhungu, ndipo 8 anapezeka ndi dexamethasone osalembedwa paliponse.

Chitedze
Koma a Kalulu, inu malungo akakugwirani mumamwa chiyani?

Kalulu77
LA, monga aliyense. Zikugwirizana bwanji?

Chitedze
Ndiye mwamwa kale chitsamba cha ku China kangapo konse. Nkhani yake ndimaikonda. Pa nkhondo ya ku Vietnam malungo amapha asilikali ndipo chloroquine anali atasiya kugwira. Pa 23 May 1967 boma la China linayambitsa ntchito yachinsinsi yofuna mankhwala atsopano, n'kuitcha Project 523 potengera tsikulo. Mayi wina, Tu Youyou, ndi gulu lake anafufuza malangizo akale oposa 2,000. Chitsamba cha qinghao, chimene ife timati atemiziya, chimaoneka ngati chikugwira, mawa lake osagwira. Mayiyu anabwerera ku buku la Ge Hong, wa zaka za m'ma 300, napeza kuti limati tenga qinghao wodzaza dzanja, umuviike m'madzi, ufinye, umwe. Silinati uwiritse. Apo anazindikira kuti moto ndi umene umaononga mankhwalawo. Anasintha njira, kuwasungunula pa kutentha kochepa, ndipo mu 1971 chitsanzo cha nambala 191 chinapha tizilombo tonse ta malungo mu mbewa. Iye ndi anzake anayamba amwa okha asanapatse odwala. Mmenemo ndi mmene munatuluka artemisinin, kholo la artemether amene ali mu LA. Mu 2015 analandira mphotho ya Nobel. Kwathu ku Malawi tinasiya chloroquine mu 1993 kupita ku Fansidar, kenako mu 2007 tinayamba LA. Ana angati amene ali moyo lero chifukwa cha chitsamba chimenecho?

Kalulu77
Ndamva, ndipo sindimadziwa. Koma onani bwino nkhani yanuyo. Pa malangizo 2,000, opambana ndi amodzi, ndipo anadutsa ku labu, kwa mbewa, kwa anthu, kenako anayezedwa mlingo. Chimene chili patebulo pa mayiwa sichinadutse msewu umenewo.

Chitedze
Apo sindikutsutsani.

MlimiWaDimba
Ine ndinadzala atemiziya kuseri kwa nyumba, mbewu anandipatsa mnzanga wa kutchalitchi. Ana akatentha thupi ndimawawiritsira masamba. Ndiye kuti ndikuchita bwino eti?

NamwinoLeeds
Ayi achimwene, chonde lekani. Mu tiyi mankhwalawo amakhala ochepa ndipo mlingo wake umasinthasintha ndi nthaka, nyengo ndi kaumitsidwe. Kutentha thupi kumatsika, inu n'kuyesa mwana wachira, pomwe tizilombo tatsala ndipo tikuphunzira kupirira mankhwalawo. Bungwe la WHO limaletsa kugwiritsa ntchito masamba a atemiziya pa malungo pa chifukwa chimenechi. Ku Rwanda, Uganda, Eritrea ndi Tanzania kwapezeka kale tizilombo tochedwa kufa ndi artemisinin. LA akadzasiya kugwira tidzalira tonse. Mwana akatentha thupi, kukayezetsa magazi tsiku lomwelo, ndipo amalize mapiritsi onse a masiku atatu.

MlimiWaDimba
Safunsa anadya phula. Ndamva achemwali.

Mlenje
Mukuyamika China, koma palibe watchula ngaka. Nyama yofatsa ija, ikaopsedwa imangodzipinda, ikutha m'nkhalango zathu chifukwa mamba ake amagulidwa kuti akhale mankhwala kumeneko. Chimodzimodzi nyanga ya chipembere. Zonsezo ndi keratin, chinthu chomwecho chili m'zikhadabo zathu. Malamulo a nyama zakutchire a ku Malawi atakonzedwa mu 2017, wopezeka ndi ngaka angathe kukhala kundende mpaka zaka 30, ndipo ogwidwa ambiri ndi anyamata a kumudzi, pomwe ndalama zenizeni zimadyedwa kwina. Abulu nawo akuphedwera zikopa zopangira ejiao, mankhwala ena achi China, moti African Union mu February 2024 inagwirizana zoletsa malondawo. Mayi, m'mapaketi mwanumo mutsimikize kuti mulibe nyama zathu.

WakuChangsha
A Mlenje akunena zoona, mankhwala awo si zomera zokha. Li Shizhen m'buku lake limene anamaliza mu 1578 analemba mankhwala 1,892, ndipo muli nyama ndi miyala yomwe. China inaletsa nyanga ya chipembere ndi mafupa a tiger mu 1993, ndipo mu 2020 inachotsa mamba a ngaka pa mndandanda waukulu wa mankhwala ovomerezeka. Koma msika wamseri ukadalipo, ndipo ine zimandichititsa manyazi anzanga akamaziteteza.

GogoWaKuNtcheu
Ine ndangowerenga zonse mwakachetechete. Mdzukulu wanga anandionetsa chithunzi cha mzungu wosambira uja, Michael Phelps, pa masewera a Olympics a 2016 ku Rio, msana wonse mabala ozungulira ofiira, akuti ndi makapu achi China okoka magazi. Ndinakumbuka agogo anga. Munthu akadwala mutu amamutema timphini pa litsipa, n'kuika kanyanga ka ng'ombe koboola kunsonga, kuyamwa mpweya, kutseka ndi phula. Timati kulumika. Ife tinauzidwa kuti n'zachikunja, lero ndi za akatswiri.

NamwinoLeeds
Agogo, zikufananadi. Chimene chinatipweteka ife ndi lezala limodzi kutemera mudzi wonse. Singano nazo n'chimodzimodzi, ikabwerezedwa imatenga HIV ndi matenda a chiwindi kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo. Iliyonse ichoke m'paketi yomata ndipo ikatayidwe. Ngozi ina ndi kubaya mozama pachifuwa kapena kumsana kwa m'mwamba, singano n'kuboola mapapo. Sizichitika kawirikawiri, koma zimachitika kwa osaphunzira bwino. Oyembekezera ndi amene amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, anene asanagone pabedi.

Tsabola
Mayi muli ku Guangzhou komweko, kontena ikutenga masabata angati kufika ku Beira masiku ano? Ndipo mungandigulireko Tiger Balm wofiira?

MphunzitsiWopuma
A Tsabola, za kontena mulemberane kumbali. Mayiwa akudwala.

MayiWaOda
Ndabwera nalo pepala lija. Pamwamba palembedwa Duhuo Jisheng Tang. Pansi pali mayina 15: du huo, sang ji sheng, du zhong, niu xi, xi xin, dang gui, ren shen, gancao ndi ena. Ma huang mulibe. Mtsikanayu akuti nyama mulibe, a Mlenje. Ndapezanso kuti tsiku lija za BP sizinafike kwa dokotala. Ine ndinanena, koma pomasulira zinatsalira m'njira.

WakuChangsha
Msakanizo umenewo ndi wodziwika kwambiri, unachokera kwa Sun Simiao wa zaka za m'ma 600, ndipo ndi umene amapereka pa msana ndi maondo a munthu amene amuona kuti wazizidwa ndipo wafooka. Amausanja ngati bwalo la mfumu. Du huo ndiye mfumu, yolimbana ndi vuto lenileni. Ena ndi nduna zoithandiza, ena ndi ochepetsa ukali wa anzawo, ndipo gancao ndi mthenga woyanjanitsa onse. Ren shen ndi ginseng. Koma diso langa lili pa xi xin. Ndi wa banja limodzi ndi muzu uja wa ku Belgium, ndipo masamba ake amakhala ndi poizoni yemweyo, n'chifukwa chake masiku ano amalola mizu yokha ndiponso pang'ono. Kwa munthu wa BP amene sanayezetse impso, ine sindingamwe.

NamwinoLeeds
Gancao, ginseng ndi xi xin m'poto mmodzi, pamwamba pa mapiritsi a BP, muli paulendo kutali ndi dokotala wanu. Ayi achemwali. Singano yesani ngati mtima wafuna, poti zizindikiro zoopsa zija mulibe. Ndipo musagone tsiku lonse, msana wotere umafuna kuyenda pang'onopang'ono. Mukafika kumudzi kayezetseni impso ndi shuga, BP ya zaka zambiri payokha imadya impso mwakachetechete.

Kalulu77
Pa singano ndilibe mawu, bola zikhale zatsopano. Mizuyo ndiye ayi.

MayiWaOda
Ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera. Ndinabwerera kwa bambo aja ndi bokosi la mapiritsi anga m'manja, ndinaliika patebulo pawo kuti aone okha. Anawerenga, anandiyeza BP ndi makina, n'kunena kuti mapaketi ndisamwe, ndipo anamukalipira pang'ono mtsikana uja. Singano ndabayitsa kawiri. Namwino amang'amba paketi iliyonse pamaso panga. Zinalipo 12, ndinawerenga pozichotsa. A Dalaivala, kulemera kuja ndakumva, kunatsika mpaka m'ntchafu. Ulendo wachiwiri anayatsa kandodo konga ndudu yaikulu ya masamba ouma, akuti moxa, n'kumakayendetsa pamwamba pa chiuno osakhudza khungu, kutentha kwake kokoma ngati kuothera mbaula mu June. M'mawa uno ndamanga nsapato ndekha, ngakhale kukhala pa mpando nthawi yaitali kukadandipweteka. Ndibayitsanso kawiri ndisananyamuke Lachisanu. Mchemwali wanga wandisungira kale tsiku lokayezetsa impso sabata yamawa. A Tsabola, Tiger Balm wanu ndagula.